Wakumudzi ndi wam'tauni m'chipinda chimodzi cha payunivesite

Chaka changa choyamba payunivesite ndinagona m'chipinda chimodzi ndi mnyamata amene anabadwira ndi kukulira mumzinda waukulu, pamene ine ndinali nditangotsika basi kuchokera kumudzi, chikwama chimodzi chili m'manja. Kwa miyezi yambiri ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti pa awirife, amene anali pamavuto ndinali ine ndekha. Mnzangayo ankalankhula ndi aphunzitsi mopanda mantha, ankadziwa ofesi imene fomu iliyonse imakaperekedwa, ankalemba pakompyuta maso ali kwina, ndipo ankaseka nthabwala zimene ine ndinkazimvetsa mawa lake. Kwa ine usiku tulo sitinkabwera. Ndinkangotembenuka pabedi, mutu ukutentha ngati wina wasonkhamo moto, uku ndikuwerengera anthu amene ndidzawachititse manyazi ndikadzalephera mayeso. Panapita zaka ziwiri ndisanadziwe kuti usiku womwewo, kumbali ina ya chipindacho, nayenso ankakhala ali maso, komanso kuti anali atayamba kale kuonana ndi dokotala chifukwa cha nkhawa asanalembe n'komwe mayeso omaliza a kusekondale.

Kuyambira nthawi imeneyo, makamaka m'zaka zimene ndakhala ndikuthandiza ophunzira atsopano kuzolowera moyo wa payunivesite, ndasiya kulikonda funso limene anthu amafunsa kawirikawiri, lakuti ndani amavutika kwambiri m'maganizo pakati pa mwana wakumudzi ndi mwana wam'tauni. Funsoli limafuna yankho limodzi pamene mavutowo ndi awiri osiyana, ndipo amafika panthawi zosiyana. Mmene ine ndikuonera, wam'tauni nthawi zambiri amafika payunivesite atasenza kale katundu wake, pamene wakumudzi katundu wake amamupeza pachipata, akamawoloka kuchoka m'moyo umene akuudziwa kulowa m'moyo umene malamulo ake sanalembedwe paliponse. Amene amachira msanga pa awiriwa ndi amene ali ndi dzina lotchulira chimene chikumupweteka ndiponso khomo loti akagogodepo, ndipo pamenepa wakumudzi ndi amene amatsalira.

Tisanapite patali, tikumbukire kuti yunivesite imalandira anthu pausinkhu umene matenda a m'maganizo amakonda kuonekera. Mu 2005, Ronald Kessler ndi anzake, atafufuza pakati pa anthu a ku United States, anapeza kuti theka la matenda a m'maganizo amene anthu amadwala pamoyo wawo amakhala atayamba pofika zaka 14, ndipo magawo atatu mwa anayi amakhala atayamba pofika zaka 24. Kafukufuku wina wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, amene anatuluka mu 2018, anafunsa ophunzira a chaka choyamba pafupifupi 14,000 m'masukulu a ukachenjede 19 a m'mayiko 8, kuphatikizapo South Africa, Mexico, Germany ndi Australia. Anapeza kuti ophunzira 35 pa 100 alionse anali atakhalapo ndi vuto la m'maganizo pamoyo wawo, ndipo 31 pa 100 alionse anali nalo m'miyezi 12 kafukufukuyo asanachitike. Ndiye kuti m'holo yophunziriramo momwe mwakhala anthu 90, pafupifupi 30 akulimbana ndi chinachake m'mutu mwawo pamene mphunzitsi akulemba pabolodi, kaya anachokera kumudzi kaya m'tauni.

Umboni wakuti kukulira mumzinda kumasiya chizindikiro m'maganizo a munthu ndi wakale ndithu. Mu 1939, Robert Faris ndi Warren Dunham anajambula pamapu a mzinda wa Chicago malo amene odwala ogonekedwa m'zipatala za amisala ankachokera, ndipo anaona kuti matenda a schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe, anachuluka pakatikati pa mzindawo, kumene anthu ankakhala mothithikana koma osadziwana. Ena anatsutsa, nati mwina odwalawo anachita kusamukira kumeneko atadwala kale chifukwa n'kumene kunali malo ogona otsika mtengo. Mtsutso umenewo unachepa mphamvu mu 2001, pamene Carsten Pedersen ndi Preben Mortensen a ku Denmark, dziko limene limasunga bwino kaundula wa nzika zake kuyambira kubadwa, anasonyeza kuti zaka zimene mwana wakhala mumzinda zikamachuluka, chiopsezo cha matendawa chimakweranso, moti amene anakhala zaka 15 zoyambirira za moyo wawo mumzinda waukulu anali pachiopsezo choposa cha anzawo akumudzi pafupifupi katatu. Mu 2010, Jaap Peen ndi anzake a ku Netherlands anasonkhanitsa zofufuza zambiri za m'mayiko olemera n'kupeza kuti matenda a kukhumudwa ndi ena ofanana nawo anali ochuluka ndi 39 peresenti m'mizinda poyerekeza ndi kumidzi, pamene matenda a nkhawa anali ochuluka ndi 21 peresenti.

Kafukufuku amene amandikumbutsa kwambiri mnzanga uja ndi wa mu 2011 wa Florian Lederbogen ndi anzake ku Mannheim, m'dziko la Germany. Iwo anaika anthu athanzi m'makina ojambula ubongo, n'kuwapatsa masamu ovuta kuti achite mofulumira, uku akuwadzudzula kuti akulephera ndipo ayesetse kufulumira. Aliyense amene analembapo mayeso mphunzitsi atamuimirira kumbuyo akudziwa mmene zimenezi zimamvekera m'mimba. Zotsatira zake zinasonyeza kuti mwa anthu okhala m'mizinda, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzidzimuka munthu akaona zoopsa, kanagwira ntchito mwamphamvu kuposa mwa anthu okhala kumidzi, ndipo mwa amene anakulira mumzinda, chigawo china chimene chimathandiza kuziziritsa manthawo chinkachita mosiyana malinga ndi zaka zimene anakhala m'tauni ali ana. Patapita zaka 8, mu 2019, akatswiri a ku Aarhus anagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga poyesa kuchuluka kwa mitengo ndi udzu pamalo amene anthu oposa 900,000 a ku Denmark anakulira, ndipo anapeza kuti amene anakulira pamalo osowa zobiriwira kwambiri anali ndi chiopsezo cha matenda a m'maganizo chokwera mpaka ndi 55 peresenti.

Munthu akawerenga zimenezi akhoza kuthamangira kunena kuti kumudzi ndi mankhwala, ndipo ndamvapo anthu ophunzira bwino akunena choncho, makamaka amene amapita kumudziko masiku atatu okha pachaka. Ziwerengerozi zimafunika kuzigwira mosamala. Zambiri mwa izo zinachokera kumayiko olemera a ku Ulaya, ndipo pamene Jordan DeVylder ndi anzake mu 2018 anayang'ana mayiko 42 osauka ndi apakatikati, sanapeze kusiyana kumeneku pankhani ya zizindikiro za misala. Komanso pankhani ya kudzipha, m'mayiko ambiri zinthu zimatembenuka. Mu 2002, Michael Phillips ndi anzake anasonyeza kuti ku China chiwerengero cha odzipha kumidzi chinali chokwera katatu poyerekeza ndi cha m'mizinda, ndipo ku United States nakonso madera akumidzi ndi amene ali patsogolo pa vutoli. Zifukwa zake n'zodziwika: umphawi, kutalikira chipatala, manyazi ofotokoza mavuto pamalo pamene aliyense amadziwa aliyense, ndiponso kupezeka kwa mankhwala ophera tizilombo m'munda, amene bungwe la WHO limati amakhudzidwa pa imfa imodzi mwa zisanu zilizonse za odzipha padziko lonse. Bungwe lomwelo linanena kuti mu 2020, mayiko osauka anali ndi ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo osakwana 2 pa anthu 100,000 alionse, pamene mayiko olemera anali ndi oposa 60, ndipo ochepawo amapezeka makamaka m'mizinda. Mwana wakumudzi angathe kufika payunivesite asanaonepo mlangizi wa zamaganizo ndi maso ake, ngakhale atakulira m'nyumba imene munali munthu wodwala.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi kuwoloka kuja, chifukwa n'kumene ndinamira ine. Yunivesite iliyonse, ngakhale itamangidwa pakati pa minda, imayendera kaganizidwe ka m'tauni. Ili ndi malamulo olembedwa amene aliyense amapatsidwa tsiku loyamba, ndipo ili ndi ena ambiri osalembedwa amene mwana wa makolo ophunzira anawamva patebulo kunyumba kwawo osadziwa n'komwe kuti akuphunzira kanthu: kuti mphunzitsi angathe kutsutsidwa m'kalasi ndipo amakondwera akatsutsidwa bwino, kuti ukachedwa ndi ntchito yolemba umapempha masiku owonjezera nthawi isanakwane, kuti kalata yopita kwa mkulu wa dipatimenti imalembedwa mwakutimwakuti, kuti kukopera ndime ya m'buku popanda kutchula mwini wake ndi mlandu waukulu ngakhale kusekondale unkayamikiridwa poloweza ndime yomweyo. Mphunzitsi wina anatiuza tsiku loyamba kuti, "Khomo la ofesi yanga ndi lotsegula, aliyense angabwere." Mnzanga uja anapita sabata yomweyo. Ine ndinamva ngati ndi mawu aulemu chabe, onga amene munthu wamkulu amanena pofuna kusangalatsa ana, ndipo ndinaona kuti kungolowa m'ofesi ya munthu wamkulu osaitanidwa ndi mwano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu chaka chimenecho, koma sikuti ndinali wouma mutu. Sindinkadziwa kuti kufunsa n'kololedwa, komanso ndinkaopa kuti funso langa lidzaulula kumene ndachokera.

Katswiri wa zachikhalidwe cha anthu wa ku France, Pierre Bourdieu, anaifotokoza bwino nkhaniyi chifukwa nayenso anaidutsa. Iye anabadwa mu 1930 m'mudzi wina wa m'chigawo cha Béarn, kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, ndipo anakafika kusukulu yapamwamba ya École Normale Supérieure ku Paris. Anaphunzitsa kuti kupatula chuma cha m'thumba, pali chuma china chimene ana amalandira kwa makolo awo, monga kalankhulidwe, kavalidwe, zimene amadziwa ndi kumasuka pamaso pa anthu audindo, ndipo sukulu imapereka mphoto kwa amene ali nacho ngati kuti ndi nzeru zachibadwa. Ponena za iye mwini, anavomereza kuti anakhala ndi mtima wogawanika pawiri, wosakhazikika kwenikweni kwawo kapena pakati pa ophunzira anzake a mumzinda. Mu 2019, Anthony Abraham Jack wa ku United States anaonjezerapo mfundo imene ndaiona ndi maso anga kambirimbiri: pakati pa ophunzira osauka okhaokha, amene anadutsira kusekondale zapamwamba zogonera komweko amafika payunivesite atazolowera kale malamulo osalembedwa aja, pamene amene anaphunzira pasukulu ya kwawo amakumana ndi umphawi ndi uchilendo nthawi imodzi. Choncho ana awiri a m'mudzi umodzi angathe kukhala ndi chaka choyamba chosiyana kotheratu, malinga ndi sekondale imene anadzera.

Uchilendo umenewu umalowa m'maganizo pang'onopang'ono. Umayamba ndi zinthu zazing'ono, monga kusekedwa chifukwa cha katchulidwe ka mawu, kusadziwa kugwiritsa ntchito makina a mulaibulale pamene anthu ali pamzere kumbuyo kwako, kapena kukana kupita kokacheza chifukwa ulibe chovala ndi ndalama koma n'kunamizira kuti uli ndi zowerenga. Munthu amayamba kukhala chete m'kalasi, kenako amadya payekha, kenako amasiya kupita kumagulu owerengera limodzi. Amene anali woyamba m'kalasi moyo wake wonse akalandira zotsatira zoipa zoyamba, saganiza kuti mayesowo anali ovuta kwa aliyense. Amaganiza kuti tsopano zadziwika kuti iye anangolowa mwangozi. Maganizo odziona ngati wonyenga amene adzagwidwe tsiku lina anafotokozedwa koyamba mu 1978 ndi Pauline Clance ndi Suzanne Imes pakati pa amayi ochita bwino pantchito ndi pamaphunziro, koma amamugwira mwamphamvu aliyense amene ndi woyamba kwawo kufika pamalo otere.

Pamwamba pa zimenezi pali katundu wa kunyumba, amene ndimamuona kuti ndi wolemera koposa onse. Mwana wakumudzi kawirikawiri sapita payunivesite yekha, amapita atanyamula chiyembekezo cha makolo, cha azing'ono ake, cha amalume amene anagulitsa chuma chawo kuti fizi ikwane, ngakhale cha aphunzitsi a kupulayimale amene amamutchula polimbikitsa ana ena. Foni ikalira madzulo n'kumva mawu akuti, "Mwana wanga, kuno tonse maso athu ali pa iwe," palibe yankho lina limene limatuluka koposa lakuti, "Ndili bwino amayi, musadandaule." Ndaonapo ophunzira akugawa pawiri ndalama yochepa ya ngongole ya maphunziro kuti atumize kunyumba, iwo n'kumagona ndi njala masiku omaliza a mwezi, ndipo njala ndi kusowa tulo ndi nthaka yachonde ya nkhawa. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wotere amadziona kuti alibe ufulu wodandaula. Angadandaule bwanji ali pamalo a magetsi ndi madzi a m'mpope, pamene abale ake akupsa ndi dzuwa kumunda? Ndiye amameza zonse. Nicole Stephens ndi anzake anasonyeza mu 2012 kuti ophunzira amene makolo awo sanafike kuyunivesite amabwera ndi cholinga chothandiza banja ndi dera lawo, pamene mayunivesite a ku United States amawalandira ndi uthenga wakuti aliyense adzipezere njira yakeyake. Atawawerengetsa kalata yowalandira yolembedwa mwa mzimu wa kudziimira pawekha, ophunzira oterewa anachita moperewera pa ntchito imene anapatsidwa, koma kalatayo itanena za kuphunzira mogwirizana ndi ena, kusiyana kwawo ndi anzawo kunatha. Kafukufukuyu sanali wa ana akumudzi okhaokha, koma aliyense wochokera kumudzi akhoza kudziona mmenemo.

Tchuthi chikafika, munthu amayembekeza kukapuma kwawo, koma amakapeza kuti kumenekonso wasanduka mlendo. Anzake akale amamulankhula mwaulemu wosazolowereka kapena momunyoza kuti wayamba kudzimva, makolo amamufunsa maganizo pa nkhani zimene sakuzidziwa chifukwa tsopano ndi wophunzira, ndipo iye mwini amadzigwira akuchita manyazi ndi zinthu zimene anakulira nazo, kenako n'kuchita manyazi chifukwa chochita manyaziwo. Sindikudziwa ululu wina wa m'maganizo umene ndi wovuta kuufotokoza kwa munthu amene sanaumvepo kuposa umenewu.

Ndinanena kuti mutu wanga unkatentha usiku. Ndinapita kuchipatala cha pasukulu katatu chaka chimenecho, ndipo katatu konse ndinabwerako ndi mankhwala a mutu, chifukwa ndinkanena za mutu ndi maso basi, ndipo palibe amene anandifunsa za tulo kapena za kunyumba. Patapita zaka ndinadabwa kuwerenga kuti mu 1960, dokotala wa matenda a m'maganizo wochokera ku Canada, Raymond Prince, amene ankagwira ntchito ku Nigeria, analemba za ophunzira amene ankadandaula zofanana ndendende ndi zanga: mutu kutentha kapena kumva ngati muli tinthu toyenda, maso kuchita chidima powerenga, ndi kulephera kukumbukira zimene angowerenga kumene. Ophunzirawo ankalitcha vutoli brain fag, kutanthauza kutopa kwa ubongo. Akatswiri ambiri masiku ano amaona kuti kawirikawiri imeneyi ndi nkhawa kapena kukhumudwa kumene kukulankhula kudzera m'thupi, ndipo zimachitika pakati pa anthu a mitundu yonse. Munthu amene anakulira kumene mawu okhawo otchulira vuto la m'mutu ndi akuti misala sangalole kuti mawu amenewo amukhudze, choncho thupi limamulankhulira. Mnzanga wam'tauni anali ndi mawu ena ofewa otchulira zomwezo, anali ndi azakhali odziwana ndi dokotala, ndipo ankadziwa kuti munthu angathe kumwa mankhwala a nkhawa n'kumakhozabe mayeso.

Ndi chifukwa chake ndimaona kuti ntchito ya Dixon Chibanda wa ku Zimbabwe ili ndi phunziro kwa mayunivesite. Kuyambira mu 2006, iye anaphunzitsa amayi achikulire a m'madera kukhala pabenchi panja pa zipatala zing'onozing'ono za ku Harare n'kumamvetsera anthu ovutika, pogwiritsa ntchito mawu a Chishona akuti kufungisisa, amene amatanthauza kuganiza kwambiri. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinasonyeza kuti amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Munthu amene sangavomere kuti ali ndi matenda a m'maganizo amavomera mosavuta kuti akuganiza kwambiri, ndipo amene sangalowe m'ofesi yolembedwa chikwangwani pakhomo amakhala pabenchi popanda wina womuloza chala.

Ndisamulakwire mwana wam'tauni, chifukwa ndinamulakwira kale zaka ziwiri zathunthu. Vuto lake lalikulu n'lakuti aliyense amamuona ngati ali bwino. Amavala bwino, amalankhula bwino, ndipo aphunzitsi akamafufuza amene akufunika thandizo, maso awo amamudumpha. Ambiri mwa iwo anakulira m'nyumba za mipanda, makolo onse ali kuntchito, anzawo enieni ali pafoni, ndipo anayamba kupikisana pamaphunziro ali aang'ono kwambiri. Kwa wakumudzi kungofika payunivesite ndi chipambano, pamene kwa wam'tauni wa makolo ophunzira ndi chinthu chimene aliyense ankayembekezera, ndipo chimene chimawerengedwa ndi digiri imene wasankha ndi mmene akukhozera poyerekeza ndi mwana wa mnzawo wa abambo ake. Mnzanga uja ankaphunzira maphunziro amene sanawasankhe yekha. Amene amaphunzira mumzinda womwe anakulira nthawi zina amagonera kwa makolo awo, amathera maola m'misewu yodzaza magalimoto, ndipo akaweruka amathamangira kunyumba osapanga ubwenzi ndi aliyense wa m'kalasi. Amadziwanso bwino kumene mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zimapezeka, ndipo nkhawa yawo imabisala mosavuta m'zimene anthu amazitcha kusangalala kwa achinyamata.

Palinso gulu lachitatu limene mawu akuti wakumudzi ndi wam'tauni amalibisa. Bungwe la United Nations linanena kuti mu 2018 anthu 55 pa 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda, ndipo akuyembekezeka kufika 68 pa 100 alionse pofika 2050, koma anthu oposa 1 biliyoni mwa amenewa amakhala m'malo othithikana osowa madzi abwino ndi zimbudzi. Mwana wochokera kumalo otere amalembedwa pafomu kuti ndi wam'tauni, komabe alibe chuma cha kalankhulidwe ndi kumasuka chija, alibenso mtendere wa pansi pa mitengo kapena gulu la abale limene wakumudzi angathawireko. Thandizo likamagawidwa potengera kumene munthu akuchokera, iyeyu ndi amene amagwera pakati.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa poyera kusiyana konseku. Mu 2020 mayunivesite atatsekedwa ndipo maphunziro atasamukira pa intaneti, wakumudzi anabwerera kumalo kumene netiweki imagwira pamalo amodzi okha ndipo magetsi otchajira foni kulibe, moti ankaphonya maphunziro n'kumadziimba mlandu, pamene wam'tauni anatsekeredwa m'nyumba yopanikiza pamodzi ndi mikangano ya m'banja imene yunivesite inkamuthandiza kuithawa. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliriwo, nkhawa ndi kukhumudwa zinakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, ndipo achinyamata anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zina mwa zothandiza sizifuna ndalama zambiri. Mu 2011, Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen anafalitsa zotsatira za zimene anachita ndi ophunzira a chaka choyamba payunivesite ina ya ku United States. Kwa nthawi yokwana pafupifupi ola limodzi, anawawerengetsa mawu a ophunzira a m'makalasi apamwamba ofotokoza kuti pafupifupi aliyense amadziona ngati mlendo poyamba ndipo zimenezi zimatha pakapita nthawi, kenako anawapempha kuti alembe uthenga womwewo m'mawu awoawo kuti uthandize obwera m'mbuyo mwawo. Patapita zaka zitatu, ophunzira akuda amene anachita nawo zimenezi anali atakhoza bwino moti kusiyana kwawo ndi anzawo oyera kunachepa ndi theka, ndipo ananenanso kuti thanzi lawo linali bwino. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: tsiku loipa limakhala tsiku loipa chabe kwa munthu amene akudziwa kuti aliyense amakhala nalo, koma kwa amene akukayika ngati ndi woyenera kukhala pamalopo, limakhala umboni womutsutsa. Mayunivesite ambiri amathera sabata yoyamba akuonetsa ophunzira atsopano nyumba ndi kuwawerengera zilango, pamene akanatha kuimika patsogolo wophunzira wa chaka chachinayi wochokera kumudzi kuti anene poyera kuti nayenso analira m'bafa mwezi woyamba. Akanathanso kufotokoza momveka kuti nthawi yoonana ndi mphunzitsi m'ofesi ndi ya chiyani, kuphunzitsa anamwino a pachipatala cha pasukulu kuti wophunzira akabwera kachitatu ndi mutu womwewo amufunse za tulo ndi za kunyumba, ndiponso kuika ofesi ya mlangizi pamalo pamene munthu angalowe popanda hositelo yonse kumuona. Ndimakayikira pang'ono mapulogalamu olembedwa kuti ndi a ophunzira ovutika okha, chifukwa amene akufunika kwambiri thandizolo ndi amene akuyesetsa ndi mphamvu zake zonse kuti asaoneke wovutika.

Ine ndi mnzanga uja tinalankhulana zoona m'chaka chachitatu, usiku wina magetsi atazima ndipo mayeso ali mawa lake. Ndinayamba ndine, mwina chifukwa mdima unachepetsa manyazi, n'kumuuza kuti chaka choyamba ndinatsala pang'ono kulongedza chikwama n'kubwerera kwathu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ine ndinkakumvani mukutembenuka usiku wonse, koma ndinkati inu anthu akumudzi ndinu olimba mtima, mwina mukungoloweza zimene mwawerenga. Ndinkachita manyazi kuti mungaone mankhwala anga, n'chifukwa chake ndinkawabisa m'nsapato." Sabata yotsatira anandiperekeza kuofesi ya mlangizi, imene inali kuseri kwa laibulale, pakhomo limene ndinalidutsa zaka ziwiri ndikuganiza kuti ndi chipinda chosungiramo mipando yothyoka. Mnzangayo anakhala pansi panja kundidikira mpaka ndinatuluka.